Kodi amawerenga mijigo kapena madzi?

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani ya madzi m'nyuzipepala yanu yokondedwayi. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo kwathu kuno anthu adandisankha kukhala mlembi wa komiti ya mjigo, ati poti ndimadziwa kugwira cholembera. Tsono zimene ndilembe panozi ndazitola pa mjigo pomwepo.

Nthawi ndi nthawi timamva pa wailesi kuti dziko lathu likupita patsogolo pa nkhani ya madzi, ndipo akuluakulu amatchula manambala ochokera ku bungwe la United Nations. Ine sindikunena kuti manambalawo ndi abodza ayi. Koma ndikufuna awerengi anzanga adziwe chimene chimawerengedwa kwenikweni tisanayambe kuomba m'manja.

M'chaka cha 2000 maiko adagwirizana mfundo za chitukuko zotchedwa Millennium Development Goals. Imodzi mwa mfundozo idali yoti pofika 2015 gawo la anthu osowa madzi abwino akumwa likhale litatsika ndi theka. Mabungwe a WHO ndi UNICEF, amene amasonkhanitsa manambalawa, adalengeza mu 2012 kuti dziko lapansi lidakwaniritsa kale mfundoyi, ndipo Malawi nayenso adaikidwa m'gulu la maiko okhoza, ati anthu 90 mwa 100 alionse ali ndi potunga pabwino. Muyeso wake udali wotani? Ofunsa amafika pakhomo nkufunsa kuti kodi mumatunga kuti madzi akumwa. Mukati pa mpopi, pa mjigo kapena pa chitsime chotetezedwa, basi mwalowa m'gulu la anthu amwayi. Madziwo sadali kuwayeza, ndipo panalibe funso loti mjigowo wagwira ntchito masiku angati m'chaka chimenecho.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Mjigo wathu adatikumbira a bungwe lina lachifundo, ndipo tsiku lopereka kudali magule, chikwangwani adakhoma, zithunzi adajambula. Tikuthokozabe. Koma mjigo wa mtundu wa Afridev uli ndi timalabala m'kati timene timatha msanga, ndipo ndodo zake zimathyoka. Ukafa, ife a komiti timayenda khomo ndi khomo kupempha ndalama, mwina m'mwezi wa Januwale pamene anthu ufa womwe alibe. Masabata amatha tikudikira zipangizo ndi mmisiri. Nthawi yonseyo amai ndi atsikana amatsetserekera ku dambo kukatunga pomwe ng'ombe zimamwera. Komatu amai omwewo mukawafunsa kuti mumatunga kuti, ayankha kuti pa mjigo, ndipo sakunama, chifukwa kumeneko ndiye kotunga kwao. Ukachira mjigowo, m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala madzi amatsika pansi, ndowa imodzi kupopa mpaka thukuta, mzere kufika ku mseu.

Kunena chilungamo, anzathu a manambalawa adaona okha kuti muyeso wao udali woperewera. Mu 2015 maiko adagwirizana mfundo zina 17 zotchedwa Sustainable Development Goals, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, ndipo mfundo ya nambala 6 ndi ya madzi ndi ukhondo. Tsopano kuti banja liwerengedwe kuti lili ndi madzi ongoyambira chabe, ulendo wopita, kudikira pa mzere ndi kubwerera usapose mphindi 30. Kuti liwerengedwe pamwamba penipeni, madziwo akhale pakhomo, azipezeka nthawi imene akufunika, ndiponso asakhale ndi tizilombo kapena mankhwala oopsa. Apa ndiye ndikubvomereza.

Ndiyamikenso a National Statistical Office ku Zomba. Pa kafukufuku wao wa 2019 mpaka 2020 sadangofunsa pakamwa pokha, adayeza madzi enieniwo, pa malo otungira ndi m'kapu yomwera. Adapeza tizilombo tochokera m'chimbudzi ta E. coli m'madzi a m'nyumba zambiri zedi, ndipo m'kapu mudali moipa kuposa pa malo otungira. Izi zikutikhudza ife eni ake, mitsuko yathu yosabvundikira ndi manja athu. Pasanathe nthawi, mu Malichi 2022, kolera adabuka ku Machinga nkufalikira m'maboma onse, ndipo pofika 2023 adali atapha anthu oposa 1,700. Dziko lomwe lija lidakhoza mayeso a madzi mu 2015.

Koma muyeso umene ukundisowetsa mtendere, Bambo Mkonzi, ndi wa kasamalidwe ka madzi m'mitsinje, m'nyanja ndi pansi pa nthaka, umene amautchula 6.5.1. Dziko lililonse limapatsidwa mafunso ndi nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe: kodi malamulo a madzi muli nawo, mabungwe oyang'anira alipo, zida zoyezera zilipo, nanga ndalama? Boma pamodzi ndi ena okhudzidwa amakhala pansi nkudzipatsa malikisi pakati pa 0 ndi 100. Maiko onse pamodzi adapeza 49 mu 2017 ndipo adafika pa 57 mu 2023. Ine pa zaka zonse ndidagwira choko sindidalolepo mwana kuchonga yekha pepala lake la mayeso. Sikuti ana onse ndi akuba ayi, koma munthu amadzikomera mtima.

Lamulo la madzi la 2013 tili nalo, ndipo lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Pa pepala lija zimenezi zimapatsa malikisi, ndipo nzoyenera. Koma mu 2018 damu la Mpira ku Ntcheu lidauma, anthu a ku Balaka mipopi nkukhala gwa. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adakhalanso pa matope. Mitengo ya m'mapiri momwe mitsinje imayambira ikutha ndi makala, ndipo tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Kodi mudzi wa kunsi kwa mtsinje adaufunsapo malikisi amene ungapereke?

Pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna ndalama za kunja. Komiti iliyonse ya mjigo ikhale ndi kope lolembamo tsiku limene mjigo wafa, chimene chaonongeka, ndi tsiku limene wayambanso kutulutsa madzi. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi muno ndi mankhwala a klorini, azitenga manambalawo kupita nawo ku khonsolo. Kumeneko azikhoma pa bolodi, m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina za m'deralo, kuti m'dera la mfumu yakutiyakuti mijigo ilipo yochuluka mwakuti, yogwira ntchito ndi ingati. Ndipo aphungu athu akabwera pa msonkhano kudzatiuza mijigo imene akumba, tidzawafunse kuti mwa imeneyo ndi ingati ikutulutsa madzi lero.

Kope langa ndidaliyamba kale, ndi la mizere lomwe ana amalembera ku sukulu. Aliyense wa ku boma wofuna kuliona abwere m'mamawa, adzandipeza pa mjigo.

Mlembi wa komiti ya mjigo,
Balaka.