Dishi ya Intaneti pa Galimoto: Tiganize Mofatsa Tisanaboole Denga

Kwa zaka zambiri dishi tinkaidziwa ngati chinthu chokhomedwa pakhoma la nyumba, cholozedwa mbali imodzi kuti tionere mpira ndi nkhani pa wailesi ya kanema. Masiku ano dishi yakwera galimoto. Pa madenga a magalimoto ena a mabungwe, a makampani ndi a alendo odzaona malo tayamba kuonapo kachipangizo koyera, kafulati ngati thireyi, komwe kamakoka intaneti kuchokera mumlengalenga ngakhale kumalo komwe foni ya m'manja imangoti zii. Sipatenga nthawi funso lisanafike m'makhonsolo a maparishi, m'zipatala za mishoni ndi m'maofesi a chitukuko lakuti: kodi nafenso tiike chipangizochi pa galimoto yathu? Popeza ndalama zomwe zingagwire ntchitoyi n'zochokera m'thukuta la anthu ambiri, n'koyenera kuti tiyambe taimvetsa nkhaniyi tisanapite kwa makaniko.

Chiyambi chake

Dishi yomwe ikutchuka kwambiri ndi ya Starlink, ya kampani ya SpaceX ya ku America, yomwe mkulu wake ndi Elon Musk. Kampaniyi idaponya mumlengalenga gulu loyamba la masetilaiti 60 m'mwezi wa Meyi 2019, ndipo pofika chaka cha 2025 chiwerengero chawo chidali chitapitirira 7,000. Mu Afrika ntchitoyi idayambira ku Nigeria mu Januwale 2023. Kuno kwathu bungwe la MACRA lidapereka chiphaso mu Okutobala 2022, ndipo anthu adayamba kulumikizidwa mu Julayi 2023. Ku Mozambique ndi ku Zambia ntchitoyi idayamba chaka chomwecho, pamene ku Zimbabwe idayamba mu Seputembala 2024.

Chomwe chachititsa kuti dishi ithe kuyenda pa galimoto ndi kusiyana kwa masetilaiti ake ndi aja a wailesi ya kanema. Setilaiti ya kanema ili kutali, pafupifupi makilomita 36,000 pamwamba pa dziko, ndipo imazungulira mofanana ndi dziko kotero kuti kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake dishi ya pakhoma ikangosuntha pang'ono, zithunzi zimathawa. Masetilaiti a Starlink ali pafupi, ambiri pa mtunda wosapitirira makilomita 550, womwe sukwana n'komwe maulendo awiri a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo iliyonse imazungulira dziko lonse m'nthawi yongopitirira pang'ono ola limodzi ndi theka. M'kati mwa dishi yafulatiyo muli tinyanga ting'onoting'ono mazanamazana tomwe timalondola setilaiti ikamadutsa, n'kulumphira pa ina yoyambayo ikalowa. Popeza dishiyo idapangidwa kuti izitsata chinthu choyenda, kuyenda kwa galimoto sikuisokoneza. M'chaka cha 2024 kampaniyi idatulutsanso dishi yaing'ono yotchedwa Starlink Mini, yolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, yomwe imalowa m'chikwama cha mabuku.

Ntchito yomangirira

Pali njira zitatu zomwe anthu amatsata poika dishi pa denga. Yoyamba ndi ya maginito amphamvu: ndi yachangu ndipo siwononga galimoto, koma maginito amagwira chitsulo chokha, sagwira denga la aluminiyamu kapena chivindikiro cha pulasitiki cha kumbuyo kwa pikiapu. Amene wasankha njirayi ayenera kuonjezera chingwe cholimba, kuti maginito akalephera dishi isauluke n'kukavulaza wapanjinga kapena mwana woyenda m'mbali mwa msewu. Yachiwiri ndi kumangirira dishi pa kaliyala wa pa denga ndi mabawuti, ndipo iyi ndiyo njira yomwe ikuoneka yoyenera misewu yathu. Yachitatu ndi kuboola denga lenilenilo. Bowo lililonse ndi khomo la madzi ndi dzimbiri, ndipo likapanda kumatidwa bwino, mvula yoyamba ya mu Novembala idzalowa mpaka m'mawaya a galimoto.

Dishi imafuna kuona thambo lotambasuka popanda chotchinga. Apa ndi pomwe chizolowezi chathu chikutsutsana ndi chipangizochi. Denga la galimoto ya kumudzi ndi nkhokwe: pamakwera matumba a chimanga, zigubu za mafuta, tayala lapadera, matilesi ndi njinga. Katundu aliyense wotalika kuposa dishi amadula mbali ina ya thambo, ndipo intaneti imayamba kudukaduka. Chimodzimodzinso tikafika pamalo, timathamangira kuimika galimoto pansi pa mtengo wa mango pofuna mthunzi, komwe dishi siona kanthu. Tikaisiya padzuwa, tikumana ndi vuto lina: opanga adaiyika malire a kutentha a madigiri 50, ndipo denga lachitsulo ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala limatentha kuposa mpweya wozungulira. Pafunika kusiya mpata pakati pa dishi ndi denga kuti mphepo izidutsa, ndiponso kuipendeketsa pang'ono kuti madzi asadekhe pamwamba pake. Mvula yamkuntho nayo imafooketsa mafunde a setilaiti kwa kanthawi.

Tisaiwalenso misewu yafumbi yamabampu yomwe imamasula manati pang'onopang'ono, nthambi za mitengo zolendewera m'njira zopita ku nthambi za parishi, ndi akuba omwe amadziwa mtengo wa chipangizochi. Dalaivala ayenera kuphunzitsidwa kuyendera mabawuti asananyamuke, monga momwe amayendera madzi ndi oilo, komanso kukumbutsidwa kuti intaneti yomwe ili m'galimotomo ndi ya okwera, iye manja ake ndi a chiwongolero.

Magetsi

Ambiri amawerengera mtengo wa dishi n'kuiwala chomwe chiziidyetsa. Dishi yaikulu ya masiku onse imadya mawati pakati pa 75 ndi 100, ndipo kawirikawiri imafuna inveta yosintha mphamvu ya batire kuti ifanane ndi magetsi a m'nyumba. Yaing'ono ija imadya mawati pakati pa 25 ndi 40, ndipo imatha kulandira mphamvu ya batire mwachindunji. Injini ikamalira palibe vuto, koma ikazima nkhani imasintha. Chipangizo cha mawati 100 chikayaka maola anayi chimakhala chitamwa pafupifupi theka la mphamvu ya batire wamba la galimoto, ndipo batire lolizira injini silidapangidwe kuti lizitsitsidwa chotero tsiku ndi tsiku. Mapeto ake ndi kukankha galimoto madzulo, kutali ndi thandizo. Amene akufuna kugwiritsa ntchito dishi galimoto itaima aganizire za batire lachiwiri ndi sola, ndipo waya aliyense wochokera ku batire akhale ndi fyuzi yake. Waya wopanda fyuzi wokhuzana ndi chitsulo angathe kuyatsa galimoto yonse. Ntchitoyi ipatsidwe kwa mmisiri wodziwa zamagetsi a galimoto, pakuti safunsa adadya phula.

Malamulo ndi malire

Sikuti dishi iliyonse yogulidwa ingayende nayo munthu kulikonse. Kampaniyi imasiyanitsa malipiro a pakhomo, omwe amamangidwa ku malo amodzi olembetsedwa, ndi malipiro a oyendayenda otchedwa Roam, omwe mtengo ndi malamulo ake ndi ena ndipo akhala akusinthasintha. Wogula afunsitse ngati dishi yake ndi malipiro ake akuloledwa kugwira ntchito galimoto ili pa liwiro.

Thambo lilibe malire, koma mafunde a wailesi ali m'manja mwa boma la dziko lililonse. Galimoto zathu zimaoloka pa Mchinji, pa Dedza ndi pa Mwanza, zina mpaka kukafika ku Johannesburg. Mu 2023 bungwe loyang'anira zamtokoma ku South Africa, ICASA, lidachenjeza kuti kugwiritsa ntchito Starlink m'dzikomo kudali kuphwanya lamulo popeza kampaniyo idalibe chiphaso. Ku Zimbabwe, mu Epulo 2024, chiphaso chisanaperekedwe, bungwe la POTRAZ lidauza kampaniyo kuti izimitse madishi omwe anthu adalowetsa m'dzikomo mwa njira zawo. Dishi yomangidwa pa denga siibisika pa chipata cha dziko, choncho woyenda ulendo wakunja ayambe wafufuza lamulo la komwe akupita.

Mtengo wake, ndi mwini wake

Pomwe ntchitoyi inkayamba m'Malawi mu 2023, zipangizo zinkagulidwa pa ndalama zopitirira K500,000, ndipo malipiro a pakhomo adali K52,000 pa mwezi. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa a wantchito ovomerezeka ndi boma adali K50,000 pa mwezi. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu ndi ntchito zonse zochokera kunja zidakwera mtengo. Apa pali phunziro kwa onse osunga chuma cha gulu. Wachifundo wakunja angathe kutigulira dishi tsiku limodzi, koma malipiro a mwezi ndi mwezi adzatsala m'manja mwathu, ndipo ndi malipiro omwe amatsata dola pamene chopereka cha anthu athu chimatsata mtengo wa chimanga ndi nandolo. Walira mvula walira matope.

Palinso funso la amene wagwira swichi. Ku Ukraine, nkhondo itabuka mu 2022, Starlink idathandiza zipatala ndi anthu wamba pamene nsanja za mafoni zidagwa, komabe mu 2023 zidadziwika kuti a Musk adakana pempho loti ntchitoyi ifike kufupi ndi Crimea. Ku Sudan, mafoni atazima mu 2024 chifukwa cha nkhondo, anthu ambiri adadalira madishi omwewa polandira ndalama kwa abale, ndipo mabungwe ambirimbiri othandiza anthu adachita kuchonderera kuti ntchitoyo isadulidwe. Kaya wina aweruza bwanji pa nkhani ziwirizi, mfundo yake ndi imodzi: chisankho chokhudza miyoyo ya anthu ambiri chidali m'manja mwa kampani imodzi ya kutali. Makampani ena monga Eutelsat OneWeb ndi Amazon alowa nawo m'bwaloli, ndipo mpikisano ungachepetse vutoli, koma chipatala kapena ofesi yomwe yataya njira zina zonse zolumikizirana chifukwa cha dishi yadziika pa msampha.

Pomwe phindu lake lili

Zonsezi sizikutanthauza kuti chipangizochi n'chachabe. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,000 ndi kusiya oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Magetsi adazima, milatho idakokoloka, ndipo madera ena a ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje adakhala masiku angapo osafikirika. Chaka cha 2022 namondwe wa Ana adali atawononga kale malo opangira magetsi a Kapichira. Pa nthawi zotere nsanja za mafoni zimafooka limodzi ndi magetsi, pamene dishi yokhala ndi batire lake imapitiriza kulankhula. Gulu la CADECOM kapena la Red Cross lomwe lafika pa msasa wa anthu othawa madzi lingathe kutumiza maina, chiwerengero ndi zosowa tsiku lomwelo. Namwino wa chipatala choyendayenda angathe kuonetsa dokotala wa kutali chithunzi cha bala, kapena kudziwitsa chipatala chachikulu kuti mayi wovutika pobereka ali m'njira. Pa mliri wa kolera ngati uja wa 2022 ndi 2023, uthenga wofika msanga umapulumutsa midzi.

Koma Freddy yemweyo akutiphunzitsa chinthu china chokhudza kamangidwe. Komwe kudali mavuto aakulu, galimoto sizinkafika. Anthu ankapita pa bwato, pa helikopita kapena wapansi. Dishi yomatiridwa pa denga ikadatsala tsidya lino la mtsinje pamodzi ndi galimoto. Ndi nzeru tsono kusankha dishi yaing'ono ndi chomangira chotheka kumasula, kuti msewu ukatha munthu aichotse, aiike m'chikwama ndi kabatire kake, n'kupitiriza ulendo. Chomangira choterechi chimathandizanso pa vuto la mthunzi ndi la akuba: galimoto ikhoza kukhala pansi pa mtengo dishi ili pabwalo, ndipo usiku n'kuilowetsa m'nyumba.

Mlendo ndi mame

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumidzi, ndipo mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira ndi magetsi a ESCOM. Kwa anthu amenewa intaneti ya pa galimoto ndi mlendo: yafika m'mawa, achinyamata aunjikana ndi mafoni awo, ndipo dzuwa likapendeka yanyamuka ndi fumbi. Mphunzitsi, mkatekisi ndi mlangizi wa zaumoyo omwe amagona m'mudzimo atsala monga adaliri. Ngati cholinga chathu n'chakuti mudzi ulumikizidwe, dishi yomweyo ingatumikire anthu ochuluka itakhazikika pa denga la sukulu kapena la chipatala chaching'ono, ndi sola yake, chaka chonse. Ndiponso tisalole kuti madishi a anthu ochepa aiwalitse boma ndi makampani a mafoni udindo wawo. Lamulo la zamtokoma la mu 2016 lidakhazikitsa thumba lapadera, loyang'aniridwa ndi MACRA, loti lithandize kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera osiyidwa, ndipo nzika zili ndi ufulu wofunsa aphungu awo komwe thumbali lafika.

Tikupempha tsono makhonsolo ndi makomiti omwe nkhaniyi idzawapeze kuti, asanavomereze, adzayankhe mafunso awa poyera. Kodi galimotoyo imapitadi kawirikawiri kumalo kopanda netiweki, ndipo ndi ntchito yanji yomwe imaima chifukwa cha zimenezo? Ndani azilipira mwezi ndi mwezi wachifundo akadzatopa? Ndani azisunga nambala yachinsinsi, ndipo ndani aziloledwa kugwiritsa ntchito? Kodi dishiyo ingachotsedwe n'kubwerekedwa kuchipatala kapena ku gulu lopulumutsa anthu pa nthawi ya ngozi? Ambulansi, chipatala choyendayenda ndi galimoto ya chithandizo cha pangozi zingayankhe mafunsowa mosavuta. Galimoto yomwe imangoyenda pakati pa tauni ndi tauni, m'misewu momwe foni imagwira kale, denga lake lisiyidwe losaboola, ndipo ndalamazo zikagwire ntchito pomwe anthu akukhala.