Jakisoni wa kawiri pachaka: mwini nzeru ndiye akusankha wopanga mankhwala

Tete – Nkhani ya lenacapavir, jakisoni woteteza ku HIV amene munthu amabayitsa kawiri kokha pachaka, ili m'kamwam'kamwa pakati pa ogwira ntchito zaumoyo. Kuno ku Moçambique nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti anthu akuluakulu 12,5 pa 100 alionse ali ndi kachilomboka. Koma kuti jakisoniyu afike pachipatala cha ku Angónia kapena ku Macanga, zikudalira zinthu ziwiri zimene zimagamulidwa kutali: amene ali ndi nzeru zopangira mankhwalawa, ndi amene mwini nzeruyo wavomera kugwira naye ntchito.

Mwini wake ndi kampani ya Gilead Sciences ya ku United States. Komabe nzeruzi sizinayambire m'kampanimo mokha. Akatswiri a m'mayunivesite, mmodzi mwa iwo Wesley Sundquist wa ku Utah, anatha zaka zambiri akuphunzira chigoba chimene chimakuta kachilombo ka HIV. Gilead inatola zimene anapezazo n'kutha zaka zoposa 10 ikufunafuna mankhwala osokoneza chigobacho, amenenso amakhalitsa m'thupi. Kenako inafunika anzake ena oti iyese nawo mankhwalawo. Kafukufuku wa PURPOSE 1 anachitikira ku South Africa ndi ku Uganda, pa atsikana ndi amayi oposa 5.000. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu Juni 2024 zinaonetsa kuti mwa onse amene anabayidwa jakisoniyu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachilombo.

Vuto linadzabwera pa mtengo. Boma la United States litavomereza jakisoniyu mu Juni 2025, mtengo wake kumeneko unali madola oposa 28.000 pa munthu mmodzi pachaka. Palibe unduna wa zaumoyo m'chigawo chino cha Africa umene ungakwanitse zimenezo. Njira ina inatseguka mu Okutobala 2024, pamene Gilead inalola makampani 6 kupanga mankhwala omwewo n'kumagulitsa m'mayiko 120 osauka ndi ongotukuka kumene, kuphatikizapo Moçambique. Makampaniwa ndi Dr. Reddy's, Emcure, Hetero, Mylan, Ferozsons ya ku Pakistan ndi Eva Pharma ya ku Egypt. Mu Seputembala 2025 kunalengezedwa kuti Dr. Reddy's ndi Hetero, mothandizidwa ndi mabungwe monga Unitaid ndi Gates Foundation, adzagulitsa jakisoniyu pa madola 40 pachaka kuyambira mu 2027.

Pamndandandawo palibe kampani ya kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kumene kuli odwala ambiri ndiponso kumene jakisoniyu anayesedwa pa amayi. Dziko la Brazil nalo, limene linatenga mbali pa kafukufuku wina wa mankhwala omwewa, linasiyidwa kunja kwa mayiko 120 aja. Izi zikuonetsa kuti mgwirizano umatsitsa mtengo, koma malire ake amalemba ndi mwini nzeru.

Chifukwa chosankhira makampani a ku India chikumveka. Chilolezo cha papepala pachokha sichipanga mankhwala. Pamafunika anthu odziwa kusakaniza zipangizo, kusunga ukhondo wa jakisoni, kuyeza gulu lililonse lotuluka m'makina, ndi kulemba umboni umene oyendera a WHO angaukhulupirire. Nzeru zotere zimakhala m'manja ndi m'mitu ya ogwira ntchito, ndipo zimasonkhana pang'onopang'ono. Makampani a ku India anaziunjika kwa zaka zambiri. Mu 2001, Cipla inagwedeza msika polengeza ma ARV a madola 350 pachaka, pamene ena ankagulitsa pa madola oposa 10.000. Mu 2014, ViiV Healthcare inapereka chilolezo cha dolutegravir kudzera ku Medicines Patent Pool, ndipo pofika 2017 piritsi limodzi la TLD, limene odwala ambiri akumwa lero, linafika pa madola 75 pachaka.

Moçambique ili ndi phunziro lake pankhaniyi. Mu 2003 pulezidenti Lula da Silva atabwera kudzacheza, Brazil inalonjeza kuthandiza kumanga fakitale ya ma ARV. Fakitaleyo, Sociedade Moçambicana de Medicamentos, inatsegulidwa ku Matola mu 2012, mothandizidwa ndi bungwe la Fiocruz limene linapereka makina ndi kuphunzitsa anthu. Kampani ya Vale, imene panthawiyo inkakumba malasha ku Moatize, inaikapo ndalama pa zomangamanga. Koma m'zaka 9 zimene zinadutsa pakati pa lonjezo ndi kutsegulira, sayansi sinaime. Mankhwala monga nevirapine, amene fakitaleyo inakonzekera, anayamba kusiyidwa pamene malangizo a WHO anasintha. Komanso ma ARV ambiri m'dziko muno amagulidwa ndi ndalama za PEPFAR ndi Global Fund, ndipo mabungwewa amagula okhawo ovomerezedwa ndi WHO kapena ndi oyang'anira mankhwala okhwimitsa malamulo. Fakitale ikhoza kukhala ndi makina abwino koma n'kusowa wogula.

Pali chitsanzo china cha kumbali ya malungo. Ku Manhiça, malo ofufuzira zaumoyo a CISM anagwira ntchito ndi kampani ya GSK poyesa katemera wa RTS,S pa ana, ndipo zotsatira za mu 2004 zinaonetsa kuti katemera akhoza kuchepetsa malungo. Kumeneko kunatsala akatswiri a m'dziko muno odziwa kuyendetsa kafukufuku wamkulu. Koma GSK itaganiza zosamutsa luso lopangira katemerayo, inasankha Bharat Biotech ya ku India. Katemera wa R21, amene Moçambique inayamba kupereka mu 2024 ku Zambézia, anachokera ku yunivesite ya Oxford ndipo akupangidwa ndi Serum Institute, ya ku India komweko. Dziko linapindula ndi luso loyesa mankhwala, koma luso lopanga linapita kwina.

Kuchepa kwa thandizo la United States kuyambira mu Januwale 2025 kwapangitsa nkhaniyi kukhala yachangu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo dziko lodalira mankhwala ogulidwa ndi ena limadikira chigamulo cha ena. Mtengo wa madola 40 ukadzafika, MISAU idzafunikabe ndalama zogulira, zida zoyezera magazi munthu asanabayidwe, ndi anamwino okumbutsa anthu kubwera pakatha miyezi 6. Ndipo pamene boma likukambirana migwirizano yatsopano ndi makampani a mankhwala, zofunika kuziyang'anitsitsa ndi zitatu: chiwerengero cha anthu a m'dziko muno amene aphunzitsidwe ntchito yonse, ngati mnzawoyo adzabweretsanso mankhwala atsopano akale akadzasiyidwa, ndi amene walonjeza kugula zotuluka m'fakitale.