Wogulitsa ndi mau pa foni asunge mau ake

Aliyense wodutsa pa maketi ya Lilanda kapena m'mbali mwa mseu wa Mungwi m'mamawa anaziona kale izi. Mai ali pa thebulo lake la tomato ndi repu, foni waiika pakamwa, alankhula monga ali ndi munthu pamaso pake. Sakuimba lamya ai. Akutumiza uthenga wa mau pa WhatsApp, uja acinyamata amauchula kuti voice note, kuuza makasitomala ake kuti katundu wafika. Nayenso telala, woocha njerwa, wosunga nkhuku ndi wogulitsa salaula muno mu George acita cimodzimodzi.

Ife tiona kuti ici ndi cinthu cabwino ndipo tiyenera kuciyamikira. Koma tifuna kucenjeza abale athu kuti malonda a mtundu uwu adzapindulitsa komboni yathu pokhapo ngati mau a wogulitsa ali oona, ndiponso ngati wogula aleka kutumiza ndalama cifukwa cakuti wangomva mau okoma. Zikapanda kutero, njira imene yatsegukira amai athu idzatsekeka ndi manja athu omwe.

WhatsApp inayamba ku America mu 2009, ndipo mu 2013 eni ake anaikamo kabatani kojambulira mau. Mu 2022 kampaniyo inalengeza kuti anthu pa dziko lonse amatumizirana mauthenga a mau okwana 7 biliyoni tsiku lililonse. Kwa anthu a m'maofesi kabatani aka ndi kofulumizitsa nchito cabe. Kwa ife kuno ndi nkhani ina. Amai ambiri amene amadyetsa mabanja m'komboni anasiya sukulu ali ang'ono. Azigogo ena maso anayamba kuwavuta. Ngakhale wodziwa kulemba, akayesa kulemba Cinyanja foni imamusinthira mau kuwapititsa ku Cizungu. Tsopano munthu angotsindika cala ndi kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga kapena Cilenje monga alankhulira pa khomo pake. Kale kuti ulengeze malonda unafunika kulipira pa wailesi kapena m'nyuzipepa, apo ai kulemba pa katoni ndi kukhomera pa geti. Lero amene sanapite patali ndi sukulu nayenso ali ndi polengezera.

Alimi ndiwo ayenera kukondwera koposa. Mlimi wa ku Lusaka West, Katuba, Chibombo, Mumbwa kapena Chongwe adziwa bwino kuwawa kwa Soweto Market. Walipira galimoto, wagona pa mabokosi usiku wonse, ndipo kukaca apeza kuti tomato wadzaza msika, mtengo wagwa, anyamata oimirira pakati pa iye ndi wogula nawonso afuna gawo lao. Kubwerera naye tomato kumudzi sikutheka cifukwa aola. Lero m'bale amene ali pa msika angathe kutumiza mau m'bandakuca kunena mmene mitengo yayambira, mlimi ndi kuganiza bwino asanathyole. Wosunga nkhuku za broila adziwa kuti zikakwana masabata asanu ndi limodzi, tsiku lililonse loonjezera ndi cakudya congotaya. Akayamba kutumiza mau ndi zithunzi sabata imodzi zisanakhwime, angapeze ogula nkhuku zikali m'khola.

Tinaphunziraponso kanthu pa masiku ovuta. Mu January 2018, pamene kolera inavuta mu Lusaka, boma linacotsa ogulitsa m'miseu ndi kutseka misika ina. Mu 2020 kunabwera Covid-19, ndipo kuciyambi kwa 2024 kolera inabweranso mpaka bwalo la Heroes linasanduka cipatala. Nthawi zonsezi amene anali ndi manambala a makasitomala ake anali ndi pogwira. Amene anali kudalira anthu odutsa pa mseu okha anakhala manja m'khosi.

Tsono vuto lili pati? Coyamba ndi cakuti ambiri a ife sitidziwa kulankhula mwacidule. Munthu atumiza uthenga wa mphindi zisanu, ayamba ndi moni wa banja lonse, afotokoza za mvula ndi za maliro a ku Matero, ndipo pomaliza aiwala kuchula mtengo. Wolandira ali mu minibasi, bandulo yake ikutha, sangamvetsere zonsezo. Uthenga wa malonda usapitirire theka la mphindi, ndipo ukhale ndi zinthu zisanu ndi cimodzi: ndinu ndani, mugulitsa ciani, muyeso wake, mtengo, kumene muli, ndi nthawi imene mupezeka. Tiyerekeze motere: "Mwauka bwanji amai, ndine uja wa nkhuku kufupi ndi sukulu. Lero Lacisanu ndili ndi nkhuku 30 zamoyo, imodzi K150. Ndipezeka panyumba mpaka 17 koloko." Zatha. Pansi pake lembani mtengo ndi tsiku m'manambala, cifukwa mau savuta kuiwala ndipo munthu sangawafufuze msanga m'foni monga afufuzira zolemba. Ngati kulemba kukuvutani, mwana kapena mdzukulu akulembereni mzere umodziwo.

Zida zina zothandiza zilimo kale m'foni, ndipo sizifuna ndalama ina kupatula bandulo. Cithunzi coikidwa pa Status cimakhala maola 24 ndipo cimafufutika cokha, motero ndi coyenera katundu wa tsiku limodzi monga ndiwo zamasamba, mazira ndi vitumbuwa. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, imalola munthu kuika dzina la bizinesi, maola a nchito ndi mndandanda wa katundu pamodzi ndi mitengo yake. Palinso njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ofika 256 popanda kuwaika m'gulu, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Cifukwa cake pemphani kasitomala aliyense wogula pa thebulo kuti aisunge. Akalipentala, owocherera zitsulo ndi osoka zovala angapeze anthu akutali pa Facebook, kumene cithunzi ca nchito yomalizidwa bwino cimalankhula cokha.

Caciwiri ndi kusowa ulemu. Gulu la mphakati linapangidwa kuti tidziwitsane za mapemphero, odwala ndi maliro. Gulu la makolo a pa sukulu ndi la kopaletivu nawonso ali ndi nchito zao. Si bwino kuti uthenga wa maliro ukwiririke pansi pa zithunzi makumi awiri za nsapato. Atsogoleri a magulu agwirizane ndi anthu ao: kaya tsiku limodzi pa sabata likhale la malonda, kaya patsegulidwe gulu lina la malonda okha. Ndipo tisatumize mauthenga pakati pa usiku kapena kuika munthu m'gulu tisanamufunse. Kasitomala wotopetsedwa amangokutsekera, osakuuza.

Cacitatu, cimene ndi cacikulu pa zonse, ndi bodza. Wina aika cithunzi ca nkhuku zonenepa za munthu wina, koma zimene abweretsa ndi zoonda. Wina alonjeza meda yodzaza ya nyemba, koma meda yake ndi yoponderezedwa pansi. Wina alandira ndalama ya cakutsogolo ya diresi la ukwati, ndipo tsiku likayandikira foni yake siipezeka. Wina anena kuti "ndafika pafupi" pamene akali kusamba kunyumba. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Tonse tinaphunzira tili ana kuti kunama ndi kuba ndi zoletsedwa, ndipo malamulo amenewa sanasinthe cifukwa cakuti malonda alowa m'foni.

Wogulitsa akumbukire kuti mau a pakamwa amapita ndi mphepo, koma mau ojambulidwa amakhala. Zimene munalonjeza Lolemba, kasitomala angakuseweretseni Lacinai pamaso pa anthu, ndi liu lanu lomwe. Angathenso kuutumiza uthengawo ku magulu ena mphindi imodzi isanathe. Muno mu George timadziwana. Timakumana pa pompi, ku chalichi, ku cilimba ndi pa maliro. Mbiri ya munthu wonama imafika ku Chunga ndi ku Zingalume iye asanafike kwao. Koma cimodzimodzinso mbiri yabwino. Mai amene anena poyera kuti "tomato wa lero ndi wofewa pang'ono, ndatsitsa mtengo" sataya kasitomala, cifukwa mawa akadzati katundu ndi wabwino adzamukhulupirira. Ngati mwalephera kukwaniritsa lonjezo, tumizani mau msanga, pepesani, ndipo bwezani ndalama. Komanso tisagwiritse nchito mau ojambulidwa kunyoza mnzathu wogulitsa katundu wofanana ndi wathu. Mu April 2025 dziko lathu linalandira malamulo atsopano okhudza milandu ya pa intaneti, ndipo kuzunza munthu pa foni kungakufikitseni kukhoti.

Tsopano tilankhule ndi ogula. Ndani wa ife amene sanalandireko uthenga uja wakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi? Akuba aona kuti ambiri anauzindikira, ndiye asintha njira. Amakuimbirani ndi kukupemphani manambala asanu ndi limodzi amene abwera pa foni yanu, ati ndi a msonkhano kapena a thandizo la boma. Mukawapatsa, alanda WhatsApp yanu ndi kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Masiku ano kulinso makina a kompyuta otha kutsanzira liu la munthu. Conco liu lodziwika palokha si umboni wokwanira. Munthu akakupemphani ndalama pa uthenga wa mau, muimbireni pa nambala imene muidziwa kale, mulankhule naye. Safunsa anadya phula.

Malangizo athu ndi apafupi. Manambala obwera pa foni yanu ndi PIN yanu musauze munthu aliyense, ngakhale anene kuti ndi wa ku kampani ya mafoni. Ikani PIN yaciwiri pa WhatsApp yanu. Njira yake ilimo, ndipo wacinyamata aliyense angakuonetseni. Potumiza ndalama pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel, werengani dzina limene latuluka musanatsirize. Inu ogulitsa, musapereke katundu cifukwa cakuti munthu wakuonetsani uthenga wakuti walipira. Yang'anani nokha ngati ndalama yalowadi. Kwa munthu amene simumudziwa, lipirani katundu ali m'manja. Nambala ya wakuba ineneni ku bungwe la ZICTA pa *707# ndiponso ku polisi, ndipo madandaulo a malonda acinyengo apite ku bungwe loteteza ogula la CCPC. Musacite manyazi. Kukhala cete ndiko kupatsa wakuba mpata wobera mnansi wanu.

Kwa alimi tionjezera liu limodzi. Mvula ikayandikira, magulu amadzaza ndi mauthenga a mbeu ndi feteleza wochipa. Mbeu yabodza ndi yoopsa kuposa kubedwa ndalama, cifukwa umadzaizindikira cimanga citakana kale m'munda, caka conse catayika. Mbeu yeniyeni imayesedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe la boma la SCCI ku Chilanga, ndipo thumba lake limakhala ndi cizindikiro. Funsani mitengo pa foni, inde, koma kagulani ku sitolo yodziwika, muone thumba ndi maso anu, mutenge lisiti.

Tisaiwalenso kuti foni si munda wathu, ndi munda wobwereka. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola oculuka pa tsiku, ndipo ambiri anali kuyenda mtunda kufuna pochajira. Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Manambala a makasitomala ndi maina a amene ali ndi ngongole zanu alembedwe m'kabuku. M'kabuku momwemo lembani bandulo, ndalama yochajira, ya wanjinga wopereka katundu, ya potapa ku buthi, ndi msonkho wa potumiza ndalama pa foni umene unayamba mu January 2024. Tindalama iti tioneka tating'ono, koma tikaphatikizana pa mwezi timadya phindu lonse, munthu ndi kudabwa kuti wagulitsa kwambiri koma mpamba ukucepa.

Pomaliza tipempha makampani a mafoni ndi bungwe la ZICTA kuti macenjezo ao asamangobwera m'Cizungu colembedwa. Anthu amene abedwa kwambiri ndi omwe aja amene sawerenga. Atumizireni macenjezo a mau m'zilankhulo zao, ndipo manambala a akuba azitsekedwa msanga akanenedwa.

Koma tisadikire a kutali. Mutu umodzi susenza denga. Mphakati uliwonse, gulu lililonse la cilimba ndi kopaletivu iliyonse ili ndi acinyamata odziwa foni ndiponso akuluakulu odziwa malonda. Patulani madzulo amodzi mwezi uno. Acinyamata aonetse amai ao mojambulira uthenga waufupi, moikira PIN ndi moonera dzina asanatumize ndalama. Akuluakulu nawo aphunzitse ana ao muyeso wodzaza, mtengo umodzi kwa onse, ndi kubweza ndalama pamene walakwitsa. Aliyense abwere ndi foni yake ndi kabuku kake.