Kalata kwa Nduna yoona za nyama zakutchire: a gemu asafe chabe

Olemekezeka a Nduna,

Pa 5 Meyi 2019, njovu inapha Mathew Talbot, msilikali wa ku Britain, ali pantchito yosaka anthu opha nyama mozemba ku Liwonde. Nkhani yake inamveka mpaka ku London. Tchire lomwelo asilikali a gemu achimalawi amaliponda tsiku ndi tsiku, ndipo kalatayi ikunena za iwowo.

Msilikali wa gemu amanyamuka kusanache, chikwama kumsana, mfuti paphewa, n'kukagona m'tchire masiku angapo. M'mbali mwa Shire muli ng'ona ndi mvuu, m'udzu muli makhwekhwe a waya amene sasankha mwendo wa nswala kapena wa munthu. Kungokhota pachulu atha kukumana ndi mlenje wa gogodera, mfuti yosula kumudzi yomwe amaithira tizidutswa tazitsulo. Amene akufuna minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere amabwera ndi zida zoposa pamenepo.

Kunyumbanso mtendere n'ngochepa. Munthu amene wamumanga lero, mawa abale ake akumana ndi mkazi wa msilikaliyo pamjigo. Ku South Africa, Anton Mzimba, mkulu wa asilikali a gemu ku Timbavati, anamuwombera pakhomo pake penipeni mu Julaye 2022. Ku Virunga, m'dziko la Congo, asilikali a gemu oposa 200 anaphedwa kale ali pantchito. Malawi sanafike pamenepo, koma nyama zimene zimaitana mfuti zili konkuno: zipembere 17 zinabwera ku Liwonde kuchokera ku South Africa mu 2019, njovu 263 zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022, ndipo ngaka zikugwidwabe ndi ozembetsa.

Boma linachita bwino mu 2017 pokhwimitsa lamulo la nyama zakutchire, kuti wolakwa atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Mu 2021 khothi linagamula Lin Yunhua, nzika ya ku China, zaka 14 pamilandu yokhudza nyanga za chipembere. Mu Julaye 2025 boma linamukhululukira. A Nduna aganizire msilikali amene anamva nkhaniyi pawailesi ali pakampu, miyendo itatupa ndi ulendo. Usiku wotsatira akamva mfuti kutsidya la dambo, athamangirako ndi mtima wotani?

Zimene kalatayi ikupempha sizofuna msonkhano wa kunyanja. A Nduna akaime m'Nyumba ya Malamulo, auze mtundu kuti ndi asilikali angati a gemu amene afa kapena kuvulala pantchito zaka zapitazi, komanso kuti mabanja awo analandira chipukuta misozi chotani, patapita nthawi yaitali bwanji. Afotokozenso ngati msilikali wa ku Lengwe kapena ku Kasungu ali ndi nsapato, wailesi yolumikizirana ndi anzake ndi galimoto yomutengera kuchipatala mofanana ndi mnzake wa ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks likuyendetsa zinthu. Chomaliza, amene khothi lawapeza olakwa pamalonda a minyanga ndi nyanga asamalowe m'kaundula wa akaidi okhululukidwa.

Pa 31 Julaye dziko lonse limakumbukira asilikali a gemu. Mayankhowa afike tsikulo lisanakwane.

Wolemba,
Nzika ya Malawi