Msipu wa tirigu ndi ndiwo, si mankhwala

Sabata yatha alamu anga anandionetsa kapaketi ka ufa wobiriwira kamene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Pamwamba pake panalembedwa kuti wheatgrass. "Alamu," anatero, "akuti ukamamwa umenewu magazi amachuluka, shuga amatheratu." Anali ataganiza kale zosiya mapiritsi akuchipatala. Ndinagona mtima uli m'mwamba usiku umenewo.

Ufawu ndi msipu wa tirigu, yemwe uja alimi amalima ku Neno ndi ku Tsangano. Tirigu akamera, pakatha masiku 7 mpaka 10 amamumweta asanakhwime, n'kumufinya madzi kapena kumuumitsa n'kupera. Amene anautchukitsa ndi Charles Schnabel, katswiri wa zaulimi wa ku America, amene m'zaka za m'ma 1930 ankadyetsa nkhuku msipu wanthete n'kuona zikuikira mazira ambiri. Pambuyo pake Ann Wigmore, mayi wobadwira ku Lithuania, anatsegula malo ake ku Boston n'kumalalika kuti zakudya zosaphika zimachiza pafupifupi nthenda iliyonse. Mu 1988 boma la Massachusetts linamutengera kukhoti chifukwa chonena kuti msuzi wake wina umachiza Edzi.

Sindikunyoza msipuwu. Uli ndi mavitamini A, C, E ndi K, komanso ayironi ndi maginiziyamu. Ndi chakudya chabwino ndithu. Koma nkhani yoti kubiriwira kwake kumasanduka magazi ndi yabodza. Chimene chimabiriwitsa masamba chili ndi maginiziyamu pakati pake, pamene chofiiritsa magazi chili ndi ayironi. Thupi silisandutsa chimodzi kukhala chinzake. Palibenso umboni wachipatala woti msipuwu umathetsa shuga, khansa kapena kachilombo ka HIV. Ndipo poti umamwedwa wosaphika, ukachita nkhungu kapena ukathiriridwa madzi oipa ungathe kukutsegula m'mimba.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti kuseri kwa nyumba ya alamu angawo bonongwe wangoti mbwee, wosabzala. Nkhwani uli pachulu, chisoso chili m'munda, kholowa ali kudimba, mtengo wa chamwamba uli pafupi ndi bafa. Kakapu ka madzi a msipu wa tirigu, ka mamililita 30, sikangapose mbale yodzaza ndi masamba amenewa. Bonongwe ali ndi ayironi ndi vitamini A wambiri. Mukamutendera ndi nsinjiro, mafuta a mtedzawo amathandiza thupi kulandira vitamini ameneyu. Chofunika n'kusaphika mpaka masamba asanduke phala, ndiponso kusathira soda, chifukwa amapha mavitamini.

Tinazolowera kuona masamba athu ngati ndiwo zaumphawi, zodya nyama ikasowa. Koma masamba ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo. Agogo athu ankafutsa mfutso kuti asasowe ndiwo m'chilimwe, ndipo ankadziwa chimene ankachita. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene muli ndi ndalama zogulira ufawu, gulani, imwani ngati chakudya chowonjezera. Koma mankhwala amene adokotala anakupatsani musasiye, chonde. Pambuyo pake ine ndi alamu anga tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Mapiritsi akumwabe, ndipo madzulo amenewo tinadya nsima ya mgaiwa ndi bonongwe wotendera, wothyoledwa pakhomo pawo pomwepo.