TAYALA LA NJINGA LIYENERA KUDZIWA NJIRA ZIWIRI

Mseu wa Great East Road uli ndi tala kufikira ku Mwami, koma alimi ambiri a ku Petauke, Katete ndi Chipata ayamba ulendo wao m'tinjira ta miyala ndi minga.

Tayala losalala lithamanga pa tala, koma literereka m'matope a dzinja. La mano akulu ligwira dothi, koma pa tala lilemetsa wopalasa. Loyenera ponse-ponse ndi lotakata, la mano ang'ono pakati ndi akulu m'mbali.

Wogula ayang'ane nambala pa tayala lakale, 26 kapena 28, pakuti sizilowana. Apopenso mokwanira, cifukwa tayala lofewa likasenza thumba la cimanga la makilogalamu 50 litsina cubu pa mwala. Tayala lochipa lophulika popita ndi wodwala ku cipatala ndilo lodula.