Lekani kuseka munthu wokonza cilembo cimodzi

Mwezi watha mnyamata amene amatikonzela makompyuta pa wailesi pathu anafika akumwetulila ngati wawina mpikisano. Cigamba cake coyamba anacilandila mu Linux. Cimene anakonza ndi liu limodzi cabe: munthu wina analemba "recieve" m'malo mwa "receive" mu komenti ya driver inayake. Anzake atamva anafa nazo nseko. "Ndiye manje wakhala programmer? Iwe ndiwe ticha wa Giledi 3." Ife tikuti amene anasekawo ndiwo sadziwa nchito imeneyi.

Linux ndi mtima wa makompyuta ambili, ndipo ngati foni yanu ndi ya Android, muli nayo m'thumba. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali mwana wa sukulu ku Helsinki, ndipo lelo ili na mizela yoposa 30 miliyoni, yambili m'cinenelo ca C. Pakati pa mizelayo pali makomenti, mau amene wolemba pulogilamu amasiyila anzake pofotokoza cimene akucita na cifukwa cake. Compiler, pulogilamu imene imasandutsa zolembazo kukhala cinthu cimene makina angamve, imalumpha makomenti onse. Apa ndiye pagona mfundo ya anzathu oseka: makina sawelenga, nanga n'kuvutikilanji?

Inde, makina sawelenga. Amawelenga ndi munthu, nthawi zambili usiku, maso ali gwa, akufunafuna cifukwa cimene Wi-Fi idukila. Munthu ameneyu sangawelenge mizela 30 miliyoni. Amalemba liu limodzi mu grep, cida cofufuzila mau, ndipo grep sidziwa kuganizila. Akafuna "receive", mzela wa "recieve" suoneka, olo kuti yankho lake lili pomwepo. Ife a pa wailesi timadziwa bwino nkhani imeneyi. Tumau tumene wokonza pulogilamu amalemba m'mbali mwa pepala sitimveka pa mphepo, koma lembani dzina la mfumu molakwika pamenepo, mudzaona zimene wowelenga nkhani adzalankhula, na mafoni amene adzalila pambuyo pake.

Palinso cina cimene oseka amaiwala, cikhalilenico cimawakhudza iwo eni. Munthu wobadwila ku London akaona liu lolakwika, diso lake limakonza lokha, iye osazindikila n'komwe. Ife amene Cizungu tinacipeza kusukulu timaima. Timaganiza kuti mwina ndi liu la akatswili limene sitinaphunzile, timalifuna mu dikishonale, osalipeza, mabando akutha. Mnzathu wa ku Seoul kapena ku São Paulo naye zimamucitikila. Linux imalembedwa na anthu a dziko lonse, ndipo ambili a iwo Cizungu si ca kwao.

Eni ake a Linux saseka nkhani imeneyi. Kuyambila mu 2014 muli fayilo yochedwa spelling.txt, mndandanda wa mau amene anthu amakonda kuphonya, ndipo checkpatch.pl, kacida koyesela cigamba cisanatumizidwe, kamacenjeza kakapeza limodzi. Colin Ian King, injiniya wodziwika wa ku Britain, watumiza zigamba mazanamazana za kalembedwe, ndipo palibe amene anganene kuti sadziwa C. Mu 2014 momwemo analandilanso cigamba cocokela kwa mwana wa zaka 4 wa ku Finland, amene anaona kuti cilembo comaliza ca mutu wina cinalibe kamzela pansi ngati zinzake, n'kunena kuti cilemboco cili na cisoni. Wacibale wake anamuthandiza kutumiza, akuluakulu anasaina.

Komenti ili na ubwino umodzi: imakonzeka. Colakwa cikalowa mu dzina limene mapulogilamu ena amadalila, camela mizu. Mu Unix muli lamulo lochedwa "creat", lopanda e kumapeto, ndipo Ken Thompson atafunsidwa cimene akanasintha akanayambilanso, anachula e ameneyo. Pa intaneti, liu la "Referer" linalowa m'malamulo a HTTP mu 1996 likusowa r mmodzi, ndipo mpaka lelo browser iliyonse imalilemba conco cifukwa kulikonza kungathyole zinthu zambili.

Manje tisaname, otsutsa ali na mfundo zina zolemela kuposa nseko. Cigamba ciliconse cimadya nthawi ya woyang'anila, munthu amene ali kale na mulu wa maimelo. Mukasintha mzela, git blame imayamba kuonetsa dzina lanu m'malo mwa amene analemba ganizo lenileni, ndipo wofufuza mbili ya mzelawo afunika kukumba kawili. Cigamba cacikulu cokonza vuto lenileni cingakane kulowa bwino mu Linux yakale cifukwa wina anasintha cilembo pafupi. Ndipo alipo amene amafuna cabe kuculukitsa manambala. Mu 2020, pa Hacktoberfest, anthu anadzaza GitHub na tuzigamba topanda pake pofuna sikipa yaulele. Mu 2021 Qu Wenruo wa ku SUSE anadandaula poyela kuti mainjiniya ena a Huawei akutumiza tuzigamba tung'onotung'ono kuti aoneke olimbika kunchito kwao. Zimenezi zimatinyansa na ife. Koma mlandu pamenepo ndi dyela la manambala. Wokonza bwino amatenga fayilo yonse n'kutumiza cigamba cimodzi, sagawa mau khumi kukhala zigamba khumi. Sasintha "colour" kukhala "color" ngati kuti Azungu a ku Britain analakwa. Sagwila maina a ma function. Ndipo akauzidwa kuti woyang'anila wakuti safuna zigamba zotele, amamvela.

Funsani mnyamata wathu cimene cilembo cimodzi cinamuphunzitsa. Anakopela Linux yonse usiku, malaiti atabwela. Anaphunzila git. Anapeza get_maintainer.pl, kamene kamauza munthu kumene cigamba ciyenela kupita. Anaphunzila kulemba mzela wa Signed-off-by, umene ndi lumbilo lakuti nchitoyo ali na ufulu woipeleka. Cigamba cinabwezedwa kawili, koyamba cifukwa imelo yake inasokoneza mipata, kaciwili cifukwa mutu wake sunachule gawo limene anakonza. Zonsezi munthu afunika kuzidziwa asanakhudze cinthu cimene cingazimitse foni ya munthu wina, ndipo kuli bwino kuziphunzilila pa liu limene olo mutalakwitsa palibe cimene cingapse. Kuno kwathu, kumene si aliyense ali na mkulu wake wosewenza ku kampani ya mapulogilamu woti amugwile dzanja, khomo ili ndi limodzi mwa ocepa amene safunsa digili kapena ndalama.

Imwe amene mumaseka, tionetseni zanu. Tinafunsa, ndipo pa onse aja palibe olo mmodzi amene anatumizapo kanthu kulikonse. Akuti akali kuyembekeza kulemba cinthu cacikulu. Mnyamata uja sabata ino anabwelela ku fayilo yomwe ija. Powelenga komenti imene anakonza, anaona kuti ikamba za nambala imene function ya pansi pake inaleka kale kubweza. Walembela woyang'anila kufunsa kuti colakwa ndi komenti kapena function, ndipo akali kuyembekeza yankho.